Nyumba Imene Ndidasankha M'chilimwe

Ntchito ya ukondakitala ndidaipeza chifukwa cha tayala. Chidali chaka chachitatu chiyambireni matipate, ine ndili pa esiteti ya fodya ku Mlonyeni kumene makolo anga adali matenanti. Kwathu kwenikweni ndi ku Phalombe, koma ndidabadwira m'mbali mwa chigafa. Sukulu ndidalekezera Sitandade 6. Tsiku lina minibasi idabwera kudzatenga anthu a ukwati, ndipo idaphulika tayala pafupi ndi geti. Dalaivala adali yekha, kondakitala wake atatsalira pamowa. Ndidagwira jeke, ndidamasula manati. Titamaliza, bamboyo adandiyang'ana m'manja.

"Umamwa?"

"Ayi."

"Lolemba ubwere pa boma. Ukafunse a Tembo. Ndine amene."

Kufunsira ntchito kwanga kudathera pomwepo.

Minibasi idali yoyera, yakale, yoyenda Mchinji ndi Lilongwe. Mwini wake adali bambo wina wopuma ntchito m'boma, ndipo galimoto inkagona kumpanda kwake pafupi ndi msika. Tsiku loyamba abwanawo adandiuza mawu ochepa: "Faifi koloko ukhale pano. Chitseko sichidikira munthu. Ukachisiya, wina achigwira." Sadaname. Pa siteji padali amuna ambiri ongoima manja m'thumba, maso ali pachitseko changa.

Ntchitoyi anthu amati ndi kukuwa basi. Si choncho. M'mawa umayamba ndi kusolola kandodo ka oilo, kupukuta, kubwezera, kusololanso n'kuona. Umathira madzi. Umaona mafuta a mabuleki. Matayala umawamenya ndi sipanala, limodzi limodzi, ndipo lofooka limalira mosiyana ndi anzake. Pansi pa mpando wakumbuyo pamayenera kukhala jeke, sipanala ya mawilo, paipi yowonjezera mphamvu pomasula manati, thabwa loika pansi pa jeke, chigubu cha madzi ndi linya yomangira katundu. Anthu umawakhazika anayi anayi pampando, onenepa ndi owonda mowasakaniza. Matumba a mtedza amapita kumbuyo, nkhuku pansi pa mipando. Iwe mpando ulibe. Umapinda msana pakhomo kuyambira Mchinji mpaka Lilongwe. Ukagogoda denga kamodzi, dalaivala amaima. Kawiri, amanyamuka.

Masabata awiri oyamba ndinkagona mu minibasi momwemo. Koma ndidali nditakwatira chaka chomwecho. Mkazi wanga Esinati adali ndi pakati pa miyezi inayi, ndipo ndidamusiya ku esiteti m'kanyumba kodzaza kale. Ndidafunika nyumba pa boma, yoti ndizitha kuyenda pansi kufika kwa abwana nthawi isanakwane. Njinga ndidalibe. Miyendo yokha.

Ndidafuna nyumba Lamulungu lina la Seputembala, dzuwa likuswa mtengo. A Tembo adandibwereka wotchi yawo. "Uyeze njira, Mlomwe iwe," adatero. "Ndikakupeza palibe, ndikusiya." Yoyamba idali kuseri kwa malo omwera mowa, chimbudzi chimodzi mabanja asanu ndi limodzi. Ndidakana. Ina idali njira ya ku Guilleme, yabwino, koma ulendo wa ola ndi theka. Yachitatu idali kutsidya kwa kamtsinje kochokera kumapiri, kumene kudali nyumba khumi ndi zingapo zomwazikana padambo louma. Zipinda ziwiri, malata, bafa yakeyake, malo olima ndiwo kuseri. Lendi yotsika kuposa zonse.

Eni nyumba, a Mbewe, iwo ankakhala kumtunda, pafupi ndi msewu wa tala. Adandiperekeza akumwetulira njira yonse.

"Kuno n'kwabata, achimwene. Mpweya wabwino. Akazi anu adzakuthokozani."

"Nanga kamtsinjeka?"

"Aka? Nkhuku imawoloka osanyowa."

Kadalidi mchenga wokhawokha. Padali ulalo wa mitengo itatu ya bulugama, koma anthu ankangodutsa pansi pake. Ndidayang'ana wotchi pakhomo pa nyumbayo n'kuyamba kuyenda mmene ndimayendera ine. Mphindi 18 ndidali pageti pa abwana. Ndidapitiriza mpaka pachipatala. Mphindi 25. Ndidadziona wanzeru.

Padali zinthu zimene maso anga adaona tsiku limenelo. Mu mkuyu wa m'mbali mwa kamtsinje mudakodwa udzu wouma, mapesi ndi mapepala apulasitiki, pamwamba pa mutu wanga. Ndidati ndi kamvuluvulu. Khoma la nyumbayo lidali lomata chatsopano kuchokera pansi kufika m'mawondo, kumtunda kuli kwakale. Nkhokwe za anansi zidakhazikidwa pamiyala italiitali ngati zikuopa pansi. Ndidaona zonsezo. Ndidapereka lendi.

Esinati adabwera ndi mphasa, mapoto ndi ndowa. Adaikonda nyumbayo. Adadzala mpiru ndi maungu kuseri.

Nyumba yoyandikana nafe idali ya mayi Najere, mayi wamasiye wogulitsa tomato kumsika, wamawu aakulu ngati mwamuna. Tsiku lachiwiri adaima pampanda, adayang'ana mimba ya Esinati nthawi yaitali, kenako adayang'ana ine.

"Bambo, mwabwera ndi munthu wodwala kuno?"

"Chipatala chili pafupi."

"Amene anali muno anatuluka Febuluwale. Amene anali iwo asanabwere, Febuluwalenso."

"Anali ndi zifukwa zawo."

"Eya," adatero. "Anali nazo." Adasenza dengu lake n'kumapita.

A Tembo nditawauza kumene ndapeza nyumba, adangoti, "Kutsidya?" Adayatsa ndudu.

Mvula idayamba kumapeto kwa Novembala. Kamtsinje kadayamba kuyenda, madzi a m'kapolo, oyera. Disembala adafika m'mawondo, ndipo tidayamba kudutsa paulalo. Mitengo ija inkaterera. Ine ndinkawoloka nsapato zili m'manja, mphindi zitatu zowonjezera, basi. Esinati ankawoloka chokwawa, mayi Najere atamugwira chitenje. Zimenezo sindidazione. Nthawi imene iye ankapita kusikelo ine ndinkakhala ndili pa Namitete kapena pa Msundwe, mutu uli kunja kwa windo.

Pakati pa Januwale adandiyankhula akuyang'ana pansi. Nkhani za mimba mkazi sakamba momasuka ndi mwamuna wake, ndipo ine sindinkafunsa.

"Inu, anamwino akuti mwezi wasendera. Akuti ndizikadikirira kuchipatala konko, poti ndi yoyamba."

"Akakusamala ndani kumeneko?"

"Mwina muitanitse amayi."

Amayi ake adali ku esiteti, pakati pa nyengo yothyola ndi kusoka fodya. Tenanti sachoka pamunda nthawi imeneyo popanda mkangano ndi kapitawo. Ndidaganizanso za ine mwini, kubwera madzulo kupeza nyumba yozizira.

"Chipatala chili pamphuno," ndidatero. "Ndinayeza ndekha. Tiwaitana mwezi ukatha."

Adapitiriza kusankha nyemba.

Tsiku lenilenilo lidali Lachinayi, sabata yomaliza ya Januwale. Ndidadzuka kusadache bwino. Pa boma sipadagwe dontho, koma kumapiri kudali kwakuda bii, ndipo mabingu ankamveka pansipansi osaleka. Esinati adali atadzuka kale. Adaima pakhomo dzanja lili kumsana.

"Wadwala?"

"Msana chabe."

"Ndibwera msanga."

Pa kamtsinje ndidaima. Madzi adali asintha mtundu. Adali ofiira, onunkha dothi, atanyamula timitengo ndi thovu. Pakati pa madzi ndi ulalo padatsala mpata wa chikhatho chimodzi. Ndidayang'ana kumbuyo. Nyali idali ikuyakabe m'nyumba. Ndidawoloka.

Tidafika ku Lilongwe cha m'ma eyiti. Amene sadagwirepo ntchitoyi amvetse ichi: minibasi sinyamuka ndi wotchi, imanyamuka ikadzaza. Pa depoti galimoto zimaima pamzere. Yakutsogolo yokha ndi imene imakweza, ndipo oitanira ndi amene amasunga mzerewo. Ukadumpha mzere, mawa supeza malo, mwinanso galasi limasweka. Januwale ndi mwezi wa njala. Anthu sayenda. Tidapeza minibasi zitatu za ku Mchinji zili patsogolo pathu, yoyambayo ili ndi anthu asanu, atatu mwa iwo oitanira ongokhalamo kuti ioneke ngati yatsala pang'ono.

Ndidapukuta mipando. Ndidathira madzi. Ndidamenya matayala amene ndidali nditawamenya kale. Ku Lilongwe kudali dzuwa, koma ndikayang'ana kumadzulo, kwathu, mtambo udali utatsika mpaka pansi.

Cha m'ma leveni idafika minibasi ina yochokera ku Mchinji, matope mpaka m'mawindo. Kondakitala wake, Gilibati, adatsika akufinya malaya.

"Kwanu kwavuta, akulu," adandiuza. "Pa boma yayamba naini koloko, koma ya kumapiri ndiye yoopsa. Kamtsinje kanu kaja kakwiya. Ulalo wapita."

"Waona ndi maso?"

"Amayi a kumsika akubwerera ndi madengu. Akuti mitengo yonse itatu yatengedwa."

Ndidapita kwa a Tembo. Adali atagoneka mpando, chipewa kumaso.

"Tiyeni tizipita."

"Ndi ndani? Ndi mipando?"

"Mkazi wanga ali kutsidya. Anadandaula msana."

Adachotsa chipewa. Adandiyang'ana, adayang'ana mzere. Idali itanyamuka imodzi yokha.

"Mzere sindingadumphe, ukudziwa. Ndipo ndikapita wopanda anthu, abwana ukawafotokozera ndiwe?" Adaloza minibasi yakutsogolo ndi chipewa. "Kwera yakutsogoloyo ngati ukufuna. Ine ndipeza wina wa pakhomo. Koma sindikulonjeza kuti mawa achokapo."

Apa ndi pamene ndimafika nthawi zonse ndikamakumbukira. Minibasi yakutsogolo idatsala anthu anayi kuti idzaze. Ndidaima pakati pa galimoto ziwirizo. Mwamuna wina wa malaya ofiira, amene ankafuna ntchito kwa miyezi, adali atamva zonse. Adasendera n'kutsamira chitseko chathu ngati watopa. Ndidaganiza za esiteti, za kubwerera kukasoka fodya. Ndidadziuza kuti msana ndi msana, amayi oyembekezera onse amadandaula msana. Ndidadziuza kuti mayi Najere alipo.

Ndidamukankha wa malaya ofiira uja n'kugwira chitseko changa. Yakutsogolo idanyamuka ndikuiona.

Ife tidanyamuka hafu pasiti wanu. Ndidaitana anthu tsiku limenelo mpaka mawu adatha, ndidanyamula matumba a fetereza pamutu kuchokera kunja kwa depoti, ndidalanda katundu m'manja mwa anthu asanavomere n'komwe. Mvula idatipeza pa Msundwe. Titangodutsa Namitete, tayala lakumbuyo kumanzere lidaphulika.

Kusintha tayala ndi ntchito ya mphindi khumi. Umatsitsa anthu, umaika miyala kumatayala ena, umamasula manati pang'ono galimoto idakali pansi, kenako jeke. Koma m'mbali mwa msewu mudali phala lokhalokha. Ndidaika thabwa, ndidapopa jeke, thabwa lidang'ambika pakati ndipo jeke idalowa m'matope. Anthu adakana kutsika chifukwa cha mvula. Bambo wina wa tayi adatsegula windo.

"Kondakitala, kodi ntchito yakoyi unaiphunzira?"

A Tembo ndi amene adamuyankha. "Tsikani, bwana. Nonse tsikani. Mkazi wa munthuyu akudwala." Sindidawamvepo akukweza mawu chotero. Anthu adatsika. Amayi awiri adathandiza kutola miyala m'ngalande. Ndidayala miyala, ndidagona chagada m'madzi kukhazika jeke. Ola lathunthu lidathera pamenepo.

Kuchokera apo a Tembo adayendetsa mmene sadayendetserepo. Pa Waliranji anthu adaimika, mipando ilipo, sadaime. Pa Kamwendo adangotsitsa. Ngalande zonse zidali zitasefukira, minda ya chimanga itaima m'madzi. Tidalowa pa boma faifi koloko itadutsa. Asanafike pa siteji adaima pamphambano yopita kwathu.

"Thamanga. Chitseko ndigwira ndekha."

Kamtsinje ndidakamva ndisadakaone. Kankalira ngati chigayo. Pamene padali ulalo padalibe kanthu, ngakhale zichiri. Madzi adali atakwera mpaka m'nthambi za mkuyu, atatambalala padambo lonse, akugubuduza nthochi zathunthu ndi denga la nkhokwe ya wina. Anthu adaima m'mphepete atafunda mapepala apulasitiki. Kutsidya ndidaiona nyumba yanga, madzi ali pakhonde. Pamene padali chitseko padali chibowo chakuda.

Bambo wina kutsidyako ankandikuwira, akuloza kumtunda. Sindidamve liwu ngakhale limodzi. Ndidayamba kuvula nsapato. Mayi wina amene sindinkamudziwa adandigwira lamba.

"Mukufuna tiike maliro anu mawa? Akazi anu kulibe uko. Anawanyamula pachitseko masana, amuna anayi ndi mayi Najere. Azungulira kumlatho wa msewu waukulu."

Njira imeneyo sindidaiyezepo. Kuchokera kwathu kukafika kumlathowo umatsata kamtsinje kudutsa m'minda, kenako n'kubwerera ndi msewu. Munthu wopanda katundu, kouma, ndi maola awiri. Iwo adali ndi munthu pachitseko, m'matope a m'mawondo.

Kuchipatala ndidawapeza amuna anayi aja atakhala pansi pakhonde, chitseko cha nyumba yanga atachitsamiritsa kukhoma. Mvula idali itachitsuka, koma osati bwinobwino. Palibe adandiyang'ana. Mayi Najere adatuluka m'wodi, matope mpaka m'ntchafu, mpango utachoka kumutu. Ndidagwada, chinthu chimene sindidachitepo kwa iwo.

"Mayi ali moyo," adatero. "Ataya magazi ambiri, koma ali moyo."

"Nanga mwana?"

"Matenda anayamba mutangochoka. Anabisa mpaka teni koloko, poopa kuvutitsa anthu. Pamene ndimadziwa, ulalo unali utapita. Tinayenda maola anayi. Mwana anabadwira m'munda wa chimanga, pansi pa chitenje." Adapukuta kumaso ndi dzanja. "Sanalire, bambo."

Namwino wina adadutsa ndi beseni. Adandifunsa ngati ndine mwamuna wake. Ndidavomera. "Mwana anagona mopingasa," adatero. "Akanakhala pano m'mawa, tikanayesetsa." Adalankhula mofatsa, sadandikalipire. Adapitiriza ulendo wake.

Mwana wobadwa wakufa amatchedwa mtayo. Sakhala ndi bokosi, saliridwa maliro, ndipo amaikidwa ndi amayi okhaokha. Mwamuna sapitako. M'mawa mwake mayi Najere ndi amayi ena atatu adatenga kamtolo kokulunga m'nsalu, ndi khasu, n'kupita. Ine ndidakhala pakhonde la chipatala. Atabwerera ndidafunsa chinthu chimodzi chokha, ngati adali wamwamuna kapena wamkazi. "Wamkazi," adatero mayi Najere. Kumene adamuika sindikudziwa mpaka lero.

Abwana adandipatsa masiku awiri. Tsiku lachitatu ndidali pakhomo pa minibasi, ndikukuwa Lilongwe. Ntchito imene ndidakana kuisiya ija ndidaisungadi. Ndidakhala kondakitala zaka zinayi, kenako a Tembo adandiphunzitsa chiwongolero ndipo ndidayendetsa msewu womwewo zaka zina khumi ndi chimodzi. Esinati atatuluka m'chipatala sadabwererenso kutsidya. Katundu ndidakatenga ndekha madzi ataphwa. A Mbewe adamatanso khoma, ndipo chilimwe chotsatira mudalowa mphunzitsi wina wochokera ku Ntcheu. Ndidapita kukamuuza. Adandithokoza mwaulemu, koma ndidaona kuti akundiyesa wansanje.

Chiyambire pamenepo tasamuka kanayi, pa boma pomwepa. Nyumba sindiiona ndekha. Ndimadikira tsiku la mvula, ndimatenga Esinati, ndipo timayenda kuchokera pakhomo pake kukafika kuchipatala, kumsika ndi kumjigo. Iye amakhala patsogolo, ine pambuyo, pa liwiro lake. Akaima penapake n'kuyang'ana pansi nthawi yaitali, sindifunsa. Timabwerera, nyumbayo timaisiya. Njira ya kuntchito ndimaiyeza pomaliza. Mwamuna wamphamvu amafika kulikonse. Nyumba imasankhidwa ndi miyendo ya amene amatsala pakhomo.

Tili ndi ana atatu, onse obadwira kuchipatala, amayi ake a Esinati ali pambali. Za tsiku lija Esinati sadandinenepo, ngakhale pokangana. Za pa depoti, kuti padali minibasi imene ndikadakwera, ndidamuuza patapita zaka zisanu ndi ziwiri. Adamvetsera mpaka ndidamaliza.

"Simukadafika nthawi yake," adatero. "Ulalo udali utapita kale."

N'zoona, sindikadafika. Koma pamene ndinkagwira chitseko chija sindinkadziwa zimenezo.